Kukwera phiri si kwa olemera okha

Tchuthi chikafika, ambiri a ife a ku Mtsiliza timangokhala pakhonde, ati zokayenda n'za azungu ndi eni magalimoto. Maganizo amenewa akutimana zambiri.

Phiri la Bunda lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzinda, ndipo minibasi za ku Mitundu zimadutsa chapafupi. Tikasonkherana ya thiransipoti, n'kunyamula mbatata yophika ndi mtedza wokazinga, ulendo watheka. Nsapato zodula n'zosafunika, bola zisaterere pathanthwe.

Chosafunika kuumira ndi madzi akumwa. Dzuwa la mu Okutobala silinyengerera munthu, choncho tiziyamba kukwera m'mamawa, tonse pamodzi, n'kutsika lisanafike paliwombo.

Pamwambapo maso amafika ku mapiri a Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe womwe umamwetsa mzinda wathu. Nkhalango imeneyi ikutha ndi makala amene tikuphikira ife tomwe. Kodi tingaiteteze bwanji tisanaione n'komwe?

Atsogoleri a achinyamata m'mipingo yathu, tipatulireni Lamlungu limodzi chaka chino. Miyendo tili nayo kale.