Kumbani Dzenje Lero, Mtengo Mudzabzala ndi Mvula

Alimi anzanga a m'boma la Chongwe, ndi inu nonse owerenga tsamba lino, mwezi wa October wafika. Dzuwa liri kuwamba, timitsinje taphwa, ndipo maganizo a munthu ali yense ali pa munda waukulu: mbeu ya cimanga, feteleza ndi ng'ombe zolimira. Kutero nkoyenera. Koma sabata lino tikambe za kamunda kaja kamene kaiwalika kawirikawiri, ka kuseri kwa nyumba, kumene kucokera ndiwo ndi zipatso za ana. Mau athu ndi awa: mtengo wa zipatso umene mufuna kudzabzala mu December, nchito yake iyamba tsopano, kukali pfumbi.

Cifukwa cake ciri m'kagwedwe ka mvula ya kwathu kuno. Pa caka cabwino dera lino lilandira mamilimita 800 kufikira 1,000, kuyambira mu November mpaka kumapeto kwa March. Ikatha, patsala miyezi isanu ndi iwiri ya dzuwa lokhalokha. Mtengo wobzalidwa pakati pa December uli ndi miyezi itatu ndi theka yozamitsa mizu yake. Wobzalidwa mu February upeza mvula iri kutsazika. Ndico cifukwa cake dziko lathu liyamba nyengo yobzala mitengo pa 15 December caka ndi caka. Koma tonse tidziwa kuti mu December palibe manja opanda nchito, pakuti banja lonse liri kubzala ndi kupalira. Munthu angotema pansi kawiri ndi khasu, natsindira kamtengo m'menemo, nathamangira ku cimanga. Pofika September kamtengoko kauma, ndipo mwini wake adandaula kuti anamgulitsa mbande yoipa.

Asoli, eni ake a dziko lino, anadziwa kale kuti nchito itsogola, mvula nitsata. Pa mwambo wa Chakwela Makumbi, umene tanthauzo lake ndi kukoka mitambo, Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II ipempherera mvula, nitentha munda, nibzala mbeu zoyamba. Nafenso mitambo ija isanakokedwe, maenje athu akhale okumbakumba.

KAKUMBIDWE KA DZENJE

Dzenje la mango, lalanje, ndimu kapena kotapela, amene ena acha peyala, likhale masentimita 60 m'litali, 60 m'lifupi ndi 60 kupita pansi, ndiwo mapazi awiri kwa ife a muyeso wakale. Nthaka ikalimba, thirani ndowa imodzi ya madzi madzulo, ndipo m'mawa piki idzalowa bwino. Dothi lakuda la pamwamba muunjike mbali imodzi, lofiira la pansi mbali ina. Lakudalo musanganize ndi ndowa ziwiri za manyowa a m'khola oolerana bwino, ndi phulusa la m'manja awiri, ndipo mulibwezere m'dzenje kufikira litatumphuka pang'ono. Lofiira lija ndilo loumbira kamkombero kosunga madzi. Zikani kamtengo kouma pakati kuti malowo asasowe. Mvula yoyamba idzatsendera dothilo, ndipo pofika December lidzakhala litakhazikika.

Ndowe zaziwisi ndi zitosi za nkhuku za dzulo musaike m'dzenje, cifukwa zitentha mizu. Manyowa abwino ndi aja akuda, ofumbutuka m'manja, osanunkhanso.

Musanakumbe, yesani malo ndi mapazi, poganizira msinkhu wa mtengowo patapita zaka khumi. Mango ndi kotapela zitalikirane mamita 10, malalanje, mandimu ndi magwafa mamita 6, mapapaya ndi nthoci mamita 3. Mtengo waukulu usayandikire khoma la nyumba kapena citsime. Papaya ndi kotapela zimafa msanga pamalo podikha madzi, cotero zipatseni pokwera. Nthoci ndiyo ikonda cinyontho: ibzaleni kumene kuyenderera madzi a ku bafa, monga anali kucitira amai athu.

MTENGO WANJI?

Mango wa mbeu tiri nao pafupifupi pakhomo pali ponse. Ndi wolimba, koma ucedwa kubala, zaka 6 kapena kupitirira, ndipo onse akupsa pamodzi kuyambira mu November mpaka January, ambiri nangoolera pansi. Mtengo womezanitsa, ndiye kuti nthambi ya mtundu wabwino yolumikizidwa pa tsinde la mtengo wolimba, uyamba kubala pa zaka 3 kapena 4, ndipo zipatso zake zifanana ndi za mtengo umene nthambiyo inadulidwako. Mtengo wake wogulira ndi wokwera, koma zaka zitatu za kudikira nazonso ndi ndalama.

Posankha, funsani kuti cipatsoco cidzapsa mwezi uti, kuti pakhomo pasakhale mwezi wopanda kanthu. Mango a Kent ndi Keitt akupsa mocedwa, pamene a kwathu atha. Magwafa abwera kumapeto kwa dzinja. Lalanje la Washington Navel likupsa poyamba pa nyengo ya cisanu, la Valencia nilitsatira cisanu cikamatha. Papaya ndiye mnzake wa munthu wosafuna kudikira, pakuti abala cisanathe caka kapena citangotha. Koma kumbukirani kuti mapapaya a mbeu ya kwathu ali ndi amuna ndi akazi. Bzalani mbande zitatu pa phando limodzi. Zikacita maluwa, siyani waukazi mmodzi, amene maluwa ake akangamira ku tsinde, ndipo waumuna mmodzi, wa maluwa olendewera, akwanira akazi khumi. Za kumene mungapeze mbande zabwino, funsani mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu kapena a Dipatimenti ya Nkhalango pa boma, ndipo funsani mwezi uno, anzanu asanazitsirize.

Tsiku lobzala lidzakhala lopepuka ngati dzenje liri lokonzeka. Dikirani mvula inyowetse nthaka mozama, ndipo bzalani madzulo kapena kukacita mitambo. Ng'ambani kathumba ka pulasitiki, osagwedeza dothi la ku mizu. Mtengo ukhale pa msinkhu womwewo umene unali m'kathumba, ndipo mfundo ya polumikiza itsale pamwamba pa dothi ngati kutalika kwa cikhato. Mukaikwirira, tsinde liola. Mphukira iri yonse yoturuka pansi pa mfundoyo muicotse, cifukwa ndi ya tsinde la pansi. Mukailekerera pa lalanje, mudzakolola ndimu. Maluwa a zaka ziwiri zoyamba muwathothole, ngakhale mtima ukana, kuti mphamvu ipite ku mizu ndi nthambi. Akulu anati mmera mpoyamba.

WERENGANI NDOWA MUSANAWERENGE MITENGO

Adani a kamtengo ndi anai: mbuzi, ciswe, moto ndi ludzu. Mbuzi iletsedwa ndi mpanda wa minga kapena njerwa zosanjika mozungulira, ndipo mpandawo uime tsiku lomwelo lobzala, osati mawa. Ciswe cikonda mtengo wofooka ndi ludzu; phimbirani pansi ndi udzu wouma, koma udzuwo usakhudze tsinde, ndipo wazani phulusa mozungulira. Moto uletsedwa ndi kulambula udzu mu May.

Ludzu ndiye mdani wamkulu, ndipo a ku Chongwe safuna wowauza. Mtsinje wa Chongwe, umene ulandira madzi a Ngwerere, Kanakantapa ndi Chalimbana pa ulendo wake wa ku Zambezi, wakhala ukuphwa m'miyezi yotentha kangapo konse, anthu a pa boma nasowa ndi akumwa omwe. Cilala ca nyengo ya 2023/24 cinafika poti pa 29 February 2024 Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, cimanga ca pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni citapserera m'minda. Cimanga cifa ndi masabata owerengeka a dzuwa, koma mtengo wokhwima, wa mizu yozama, upirira. Bvuto ndi kuufikitsa pa msinkhu umenewo.

Pa cilimwe coyamba ndi caciwiri, kamtengo kali konse kafuna ndowa ya malita 20 pa sabata, ndipo mu September ndi October kawiri pa sabata. Mitengo 5 ndiye kuti ndowa 10 pa sabata m'miyezi yotentha. Mitengo 20 ndi ndowa 40. Ndani adzasenza? Funso limeneli likambidwe m'nyumba, abambo ndi amai pamodzi, dzenje loyamba lisanakumbidwe, pakuti si bwino kuti abambo abzale mitengo yambiri, mutu wa amai ndi ana nusenza zotsatira zake. Mitengo isanu yamoyo iposa makumi awiri youma. Madzi osambira ndi otsukira mbale, ngati alibe sopo wambiri kapena mankhwala oyeretsera, asatayidwe pabwalo; apite ku mitengo. Mphika wadothi wosapaka kanthu, wokwiriridwa pambali pa mtengo kufikira m'khosi, wodzazidwa ndi kubvundikiridwa, upatsa mizu madzi pang'onopang'ono popanda dzuwa kumwako.

NDIWO NAZO ZISINTHE NDI NYENGO

Tsono kunena za ndiwo zamasamba, mwezi uno ndi wa kusintha. Repu, caina ndi kabichi, zimene alimi a ku Kanakantapa ndi ku Chalimbana atumiza ku msika wa Soweto mu Lusaka, zikonda cisanu, kuyambira mu April mpaka August. Kukatentha zigwidwa ndi nsabwe ndi mbozi, ndipo mvula ikacuruka ziola. Banja lopanda ndalama za mankhwala lisalimbane nazo m'dzinja. Ndiwo za makolo athu ndizo zinapangidwira nyengo imeneyi: nkhwani, umene ambiri kuno acha cibwabwa, bonongwe kapena bondwe, kholowa, ndiye kalembula, therere, impwa, lumanda ndi masamba a khobwe.

Bonongwe athyoledwa patapita masabata 3 kapena 4 cifesereni. Therere liyamba kubala pa miyezi iwiri. Impwa ifuna nazale ya masabata 5 kapena 6, cotero ifeseni tsopano pa kabedi kamodzi ka mthunzi, kamene kheni imodzi pa tsiku ikwanira, kuti mbande zidzakumane ndi mvula. Nkhwani wa maenje awiri kapena atatu othiriridwa kuyambira lero udzapereka ndiwo mu November, pamene madimba ambiri auma ndipo za m'munda zisanamere. Sungani mbeu ya mbatata pamalo a cinyontho. Ngati mupeza ya mkati mofiirira ngati dzungu, ndiyo yabwino koposa, pakuti iri ndi vitamini A wothandiza maso ndi thupi la mwana.

Mabedi naonso asinthe. M'cilimwe tikumba mabedi olowa pansi kuti asunge madzi. A m'dzinja akhale okwera masentimita 20, kuti madzi ayende, mizu isaole. Amene madimba ao ali m'mphepete mwa mtsinje asiye udzu ndi mitengo ya pa gombe, cifukwa gombe lolimidwa ligumukira m'madzi, mcenga nukwirira maiwe amene tonse tidalira.

Matimati a m'dzinja agulidwa bwino, koma afuna munthu wa maso. Cinyontho cibweretsa ciwau, cotero azikireni timitengo, dulani masamba okhudza pansi, ndipo musawabzale pamene panali impwa, mbatatesi kapena fodya, pakuti zonsezi ndi za banja limodzi ndipo zipatsirana matenda. Kuyambira mu 2016 tirinso ndi kambozi ka Tuta absoluta, kamene kaboola masamba ndi zipatso, ndipo kazolowera msanga mankhwala a mtundu umodzi. Thyolani ndi kukwirira zogwidwa, zulani zitsa zakale mukatha kukolola, ndipo ngati mupopera, sungani masiku olembedwa pa botolo musanathyole. Zimene simungapatse mwana wanu musagulitse kwa mwana wa mnzanu.

Cakudya ca nthaka tiri naco pafupi. Sukulu ya zaulimi ya Kasisi, m'boma lathu lomwe lino, imene a Jesuit anaikhazikitsa mu 1974, yakhala ikuphunzitsa ulimi wa manyowa kuyambira mu 1990. Njira ya kompositi njosabvuta: sanjikani mapesi kapena udzu wouma, masamba aawisi, ndowe, kadothi ndi phulusa, bwerezani kufikira mulu ufika m'ciuno, nyowetsani, ndi kutembenuza pakapita masabata atatu ali onse. Pa miyezi iwiri kapena itatu apsa. Zinyalala zimene tizolowera kutentha mu October ndizo ndiwo za mu January.

Potsiriza, nchito ziwirizi muziphatikize. M'zaka zitatu zoyamba mtengo sucita mthunzi, cotero bzalani bonongwe, khobwe kapena nyemba mozungulira, kusiya mpata wa mita imodzi kucokera ku tsinde. Ndowa imodzi idzamwetsa zonse, mpanda umodzi udzachinga zonse, ndipo wobwera kudzathyola ndiwo tsiku ndi tsiku ndiye adzayamba kuona ciswe cikakwera. Ndiwo zikacuruka mu February, futsani ndi kuyanika pa mthunzi, kuti mfutso udzakuthandizeni mu October wa caka ca mawa.

Sabata lino citani zitatu: werengani ndowa zimene banja lanu lingathe kusenza, kumbani maenje olingana nazo, ndipo fesani nazale ya impwa. Sabata la mawa tidzakamba za kamezanitsidwe ka mango ndi malalanje, kuti amene ali ndi mpeni wakuthwa adzipangire yekha mbande zake.