Ngakhale m'Nyengo Yolima

Pali mawu amene ndawamva kwa alimi ambiri amene anaphunzira pasukulu yathu ino, ndipo inenso ndinawanenapo: "Ntchito ikangochepa, ndiyambiranso kupemphera bwino." Mawuwa amamveka aulemu, koma mlimi aliyense akudziwa mumtima mwake kuti ntchito ya kumunda sichepa. Mu Okutobala timakumba maenje dzuwa likuswa mtengo. Mvula ikagwa mu Novembala timabzala, kenaka kupalira, kuthira yureya ndi kusakasaka mbozi m'chimanga. Tisanathe kukolola mu Meyi, dimba limakhala layamba kale kutiitana. Wodikira kuti ntchito ichepe akudikira mwezi umene kulibe pakalendala.

Lamulo la kupuma tsiku lachisanu ndi chiwiri latchulidwa kangapo m'mabuku a Mose, koma pa Eksodo 34:21 pali kanthu kowonjezera. Vesili likutchula nyengo ziwiri mwachindunji, yolima ndi yokolola, ndi kunena kuti ngakhale pamenepo munthu apume. Amene anapatsidwa lamuloli anakakhala m'dziko lodalira mvula monga ife, kumene kuchedwa kufesa ndi masiku ochepa kumachepetsa zokolola. Mulungu anadziwiratu chowiringula chathu chachikulu, nachitchula dzina.

Chaka cha 2024 chinandivula. Pa 29 Febuluwale chaka chimenecho, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Madzi anatsika ku Kariba, ndipo magetsi anayamba kuzima maola ochuluka tsiku lililonse. Kwathu ku Kafue Estates ankabwera nthawi zina pakati pa usiku, ndipo ife othirira ndi pampu tinkadzambatuka pamphasa osadzutsidwa ndi munthu. Kwa milungu yambiri ndinkaima m'dimba ndi tochi tambala asanalire, kuopa kuti tomato angafote. M'milungu yomweyo Baibulo langa linatuwa ndi fumbi, ndipo ndinkadzitonthoza kuti ndilibe mpata. Mpata ndinali nawo, popeza ndinaupeza ngakhale usiku. Kusiyana kwake kunali kwakuti ndinkakhulupirira kuti tomato akapanda madzi afa, pamene za mzimu wanga ndinkaganiza kuti zingapirire mpaka mvula.

Makolo athu anali ndi nzeru imene tikuiphunzitsabe pano. Pokolola mtedza, nyemba kapena chimanga cha makolo, mbewu ya chaka chamawa imasankhidwa poyamba, banja lisanayambe kudya. Palibe amene amati adzabzala zimene zidzatsale m'nkhokwe, chifukwa m'nkhokwe simutsala kanthu. Chaka cha njala chiyeso chodya mbewu chimakula, ndipo woigonjera amakhuta sabata imodzi nalira chaka chathunthu. Nthawi ya Mulungu nayonso iyenera kupatulidwa motero, tsiku lisanayambe kudyedwa. Madzulo timafika nayo kunyumba itatha, ndipo pemphero limathera m'tulo.

Wina anena kuti ziweto sizidziwa tsiku lopembedza. Nzoona. Ng'ombe iyenera kukamidwa, ndipo nkhuku za nyama, zimene timazisunga pafupifupi milungu isanu ndi umodzi, sizingakhale tsiku lotentha zopanda madzi. Ambuye Yesu mwini, pa Luka 13:15, anavomereza kuti munthu amamasula ng'ombe yake kukaimwetsa pa Sabata. Koma tisabise umbombo kumbuyo kwa ng'ombe. Kumwetsa chiweto ndi chifundo. Kunyamula mabokosi a tomato kupita nawo ku Soweto Market ku Lusaka pa tsiku lopembedza, chifukwa tamva kuti mtengo wakwera, ndi nkhani ina. Zambiri zimene timazitcha zadzidzidzi zikanatheka dzulo lake: kudzaza migolo, kumweta udzu, kuyeza chakudya cha nkhuku. Ndiponso lamulo lija, pa Deuteronomo 5:14, limatchula wantchito ndi ng'ombe yomwe. Inu amene munamaliza maphunziro ndipo tsopano muli ndi aganyu, sikokwanira kuti inu mukhale m'tchalitchi pamene mnyamata wanu akupopera mankhwala.

Ndisabise kuti kutanganidwa kwina kumachokera ku mpingo komwe. Komiti, kwaya, msonkhano wa chitukuko, maliro, zopereka za chomangira: munthu angathe sabata yonse akuthamangira zinthu za Mulungu osakhalako chete pamaso pake ngakhale mphindi khumi. Marita anali m'nyumba imodzi ndi Yesu, akumuphikira, komabe mawu ake anamudutsa. Akulu a mpingo, ndipo ine ndine mmodzi wa iwo, tichepetseko misonkhano m'miyezi yobzala ndi yopalira.

Kwa inu ophunzira, ndandanda ya pasukulu pano ikukuthandizani: mapemphero ali ndi ola lake, ndipo simukulimbana ndi kusankha. Mukabwerera kwanu ndandandayo idzatsala kuno. Lembani tsono ola lanu m'kaundula wa munda, patsamba lomwelo limene mumalemba tsiku lothira D Compound ndi la katemera wa chitopa. Kwathu tinapangana kuti nkhuku zikalandira madzi m'mawa, makasu adikire pakhomo mpaka titawerenga ndi kupemphera pamodzi. Mvula yoyamba ikagwa usiku, ndimavutikabe kukhala pansi, ndipo kawirikawiri mayi a kunyumba ndiwo amandilozera mpando.