Penti wa pageti sapita pa ekizozi

Loweruka lina, ndikuyenda mumsewu wa Kenyatta kuno ku Chitawira, ndinapeza anyamata atatu atatsegula boneti ya Sienta pansi pa mtengo wa mango. Injini yonse inali mbee, siliva kuyambira pachivindikiro mpaka pa manifold. Nditafunsa kuti pentiyo ndi wamtundu wanji, wina anayankha monyadira kuti anatsala popenta geti. Sindinawakalipire, poti inenso ndili mnyamata ndinachitapo zomwezo pa galimoto ya amalume. Tisanafike n'komwe ku Limbe utsi unali tolotolo, fungo lokhala ngati pulasitiki ikupsa, ndipo penti anatukusira ngati khungu lopsa ndi phala. Wakutsina khutu ndi mnansi, ana anga, tamverani.

Injini siitentha mofanana paliponse. Thunthu lake, lomwe limaziziritsidwa ndi madzi, limakhala cha m'ma digiri 90 mpaka 100 galimoto ikamayenda bwino. Penti wopangidwira injini, yemwe kawirikawiri amapirira madigiri 260, amakwana bwinobwino pamenepo ndiponso pachivindikiro, ndipo ubwino wake ndi wakuti oyilo ndi petulo sizimusungunula msanga. Koma manifold ndi chitoliro choyamba cha ekizozi ndi kumoto kwenikweni. Mpweya wotuluka m'masilinda umatenthetsa chitsulocho kupitirira madigiri 600, makamaka minibasi yodzaza ikamakwera chitunda cha ku Bangwe. Pamenepo pamafunika penti wa silicone kapena wa ceramic wolembedwa madigiri 650 kapena kuposa. Mabuleki ali pakatikati, ndipo yemwe anatsikapo zitunda za ku Thabwa kupita ku Chikwawa akudziwa fungo lomwe amatulutsa akatopa. Ma caliper ali ndi penti wawo, wopirira kutentha komanso fumbi la mabuleki.

Apa ndi pomwe ambiri amagwa nayo. Mumalowa m'sitolo ya hadiweya ku Limbe kapena mumsika wa Ndirande, muona chitini chalembedwa 500 mwa zilembo zikuluzikulu, mtima n'kukhala pansi. Tayang'anani kachilembo kali pambali pa nambalayo. Ngati ndi F, ndiye kuti ndi muyeso wa Fahrenheit wa ku America, ndipo 500 ameneyo ndi 260 chabe pa muyeso wa Celsius womwe timagwiritsa ntchito kuno. 1200 ya F ndiyo pafupifupi 650 ya C. Kachilembo kamodzi kakhoza kukudyerani ndalama ya chitini ndi tsiku lonse la ntchito. Safunsa anadya phula. Wogulitsa akakuuzani kuti "uyu ndi wa china chilichonse, bwana", werengani nokha kuseri kwa chitinicho, poti iye sadzakhalapo penti akamakanganuka.

Kugula penti woyenera ndi theka la ntchito. Theka linalo ndi lotopetsa, n'chifukwa chake achinyamata mumalilumpha. Chitsulo chiyere kaye: dzimbiri lichoke ndi bulashi ya waya ndi sandipepa, girizi ndi oyilo zitsukidwe mpaka nsalu yoyera ikapukutapo izituluka yoyera. Palafini amatsuka, inde, koma amasiya mafuta ake, choncho malizani ndi thina. Musayale pulaimala wamba pansi pa penti wa ekizozi, chifukwa wapansiyo akapsa amanyamula wapamwamba yemwe. Poperani mopyapyala kawiri kapena katatu, mukudikira pakati. Wothira mochindikala kuti athane nazo amapeza ming'alu sabata isanathe. Ndipo chiperoni chikagwa mu Juni kapena Julayi, mapiri a Soche ndi Ndirande osaoneka, ikani chitinicho pambali. Chitsulo chozizira ndi chachinyezi sichigwira penti.

Chinanso chomwe ambiri sadziwa n'chakuti penti wa ekizozi salimba ndi dzuwa. Amafuna kuwotchedwa pang'onopang'ono, monga momwe amayi amawotchera mbiya. Akauma, lizani injini kwa mphindi khumi, izizire, muilizenso nthawi yotalikirapo, izizirenso, kenako muyende nayo. Chitini chilichonse chimalemba ndondomeko yake, tsatani imeneyo. Kautsi kochepa panthawiyi n'kosadetsa nkhawa, bola muchitire panja, osati m'garaja yotseka, ndipo popopera muvale chotchinga kumphuno. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali malo omwe penti sayenera kufikapo. Phimbani malamba, mawaya, masensa, mazinga a mabawuti ndi pomwe pamakhala gasiketi. Pamene mabuleki amagwira pa disiki pasadonthere ngakhale kadontho. Nambala ya injini isiyeni iziwerengeka, mungakavutike kufotokoza ku Road Traffic tsiku lomwe adzafune kuiona.

Kwa inu ogula galimoto, pali kamwambi kakale kaja: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Galimoto zambiri zomwe zikuyenda m'tauni muno zinabwera zitagwira kale ntchito ku Japan, n'kulowa kudzera ku Dar es Salaam ndi pachipata cha Songwe, ndipo zina zasintha manja kangapo chifikireni. Injini ya zaka khumi ndi zisanu ikamanyezimira ngati sefuliya yatsopano, ine ndimayamba kukayikira. Penti amateteza chitsulo ku dzimbiri, koma satseka gasiketi yodontha, ndipo alipo ena omwe amapopera dala pamwamba pa mng'alu kuti wogula asaone. Pemphani makiyi, muyende nayo mpaka ku Chileka n'kubwerako, muiimike pa simenti youma kwa theka la ola, kenako mugwade musuzumire pansi pake.