Msonkho Ukatsika, Amapindula Ndani ku Chiuta?

Mu Ogasiti 2022, Filipe Nyusi, yemwe anali mtsogoleri wa dziko la Mozambique nthawi imeneyo, adalengeza mfundo 20 zodzutsira chuma cha dziko, ndipo zina mwa izo zinali zotsitsa misonkho. IVA, msonkho umene timalipira pogula katundu m'sitolo, udatsika kuchoka pa 17 kufika pa 16 peresenti kuyambira Januwale 2023. IRPC, msonkho wa phindu la makampani, udatsika kuchoka pa 32 kufika pa 10 peresenti kwa makampani a zaulimi, oweta nsomba ndi onyamula anthu m'mizinda. Palibe amene amadana ndi kutsika kwa msonkho. Koma ife a m'mphepete mwa nyanja ya Chiuta, m'boma la Mecanhelas, tiyenera kufunsa kuti ndalama zomwe boma lasiya kutolerazo zalowa m'thumba la yani.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Katundu amene mtengo wake ndi mametikali 100 msonkho usanaikidwe ankagulidwa 117, ndipo tsopano ayenera kugulidwa 116. Wogula watsala ndi metikali imodzi, ngati mwini sitolo watsitsadi mtengo. Koma bwana wa ku Maputo wogula galimoto ya mametikali 1 miliyoni watsala ndi 10,000 pa tsiku limodzi. Lamulo ndi limodzi, koma limadyetsa kwambiri munthu wogula zambiri.

Nanga msodzi wa ku Chiuta amagula chiyani? Chimanga ndi mpunga amalima yekha, ndiwo zake ndi matemba, makumba ndi milamba ya m'nyanja. Ufa wa chimanga ndi mpunga wa m'sitolo zinalibe IVA kale. Zina amagula pamsika, pomwe mtengo umayendera kudula kwa thiransipoti yochokera ku Cuamba, osati malamulo a ku Maputo. IRPC ndiye saidziwa n'komwe, chifukwa oilipira ndi makampani olembetsedwa, osunga mabuku a ndalama. Mayi wolima nandolo pamunda wake sali m'gulu limenelo. Angapindule pokhapokha kampani yogula mbewu itakweza mtengo wogulira, ndipo palibe lamulo loikakamiza kutero.

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Msonkho ukatsika, thumba la boma limachepa, ndipo m'thumba lomwelo ndi momwe mumachokera malipiro a aphunzitsi, mankhwala a kuchipatala ndi ndalama za okalamba. Bungwe la boma la INAS limapereka thandizo la mwezi ndi mwezi, lotchedwa PSSB, kwa okalamba, aulumali ndi odwala matenda amgonagona. Achibale athu a ku Machinga, tsidya la Malawi, ali ndi lofanana nalo lomwe amati Mtukula Pakhomo. Kuno gogo wokhala yekha amayenera kulandira mametikali 540 pamwezi. Ndiye kuti 10,000 ya wogula galimoto uja ikadakwanira kuthandiza gogo mmodzi kwa chaka ndi theka. M'zaka za 2023 ndi 2024, okalamba ambiri m'dziko muno adakhala miyezi yambiri osalandira ndalamazi.

Sitikunena kuti IVA ndiyo yokha idachedwetsa ndalama za agogo. Thumba la boma lidabooka kale ndi ngongole zachinsinsi za madola pafupifupi 2 biliyoni zomwe zidaululika mu 2016, mayiko othandiza n'kuleka kuthira ndalama m'bajeti. Nkhondo ya ku Cabo Delgado, yomwe idayamba mu 2017, nayo imadya zake. Koma pachifukwa chomwecho boma lidayenera kusamala kwambiri. Ndalama zikachepa, okongoza boma amalipidwa, a pa ntchito za boma amatha kunyanyala mpaka kumvedwa, koma gogo wa ku Chiuta sanganyanyale. Iye ndiye amadikira.

Nkhani yokhululukira misonkho si yachilendo kuno. Kampani ya Mozal, yosungunula aluminiyamu pafupi ndi Maputo, idayamba ntchito mu 2000 italoledwa kulipira 1 peresenti yokha ya zogulitsa zake m'malo mwa msonkho wa phindu. Boma linkati likufuna kukopa amalonda akunja nkhondo yapachiweniweni itatha mu 1992, ndipo maganizowo anali omveka. Koma chilichonse chimene kampani yaikulu yakhululukidwa, wina amachilipira: mwana wophunzirira pansi pa mtengo, kapena mayi wapakati woyenda mtunda wautali kukafika kuchipatala ku Insaca. Anthu a ku Entre Lagos amaona sitima za malasha a ku Moatize zikudutsa kupita ku Nacala. Sakulakwa akamafunsa gawo la chumacho lomwe limabwerera kwa iwo.

Kutsitsa msonkho kwina kumamufikadi munthu wamba. Shuga, mafuta ophikira ndi sopo zidakhala zaka zambiri zopanda IVA. Chikhululukirocho chidatha kumapeto kwa 2023, ndipo boma la Daniel Chapo, yemwe adalowa m'malo mwa Nyusi, lidachibwezeretsa mu 2025. Izi ndi zinthu zomwe khomo lililonse limagula, lolemera ndi losauka lomwe, ndipo wosauka ndiye amazimva kuwawa kwambiri zikakwera. Kuchotsa IVA pa zipangizo zaulimi zochokera kunja nakonso kungathandize, bola mtengo wa feteleza utsikedi pofika kumudzi, osati phindu lonse kuthera kwa ogulitsa.

Choncho muyeso wa chilungamo ndi wosavuta. Boma likafuna kutsitsa msonkho, liuze Nyumba ya Malamulo kuchuluka kwa ndalama zomwe lisiya kutolera, magulu a anthu omwe apindule, ndi komwe lidule kuti bajeti ikwane. Pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri, libwere ndi umboni wa ntchito zomwe makampani alemba ndi mitengo yomwe yatsika. Zikapanda kuoneka, chikhululukirocho chithe. Ndipo ndalama za PSSB ziziikidwa padera poyamba, zisanagawidwe zina.

Inu mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, ndi makomiti a asodzi a ku Chiuta, aphungu a chigawo chathu cha Niassa akabwera kudzakuuzani kuti msonkho watsika, ayamikireni. Kenako muwafunse kuti agogo a m'mudzi mwanu adalandira liti komaliza, ndipo miyezi yotsalayo idzalipidwa tsiku liti.