Galimoto zathu, madola athu

Malawi sapanga galimoto. Ma Vitz ndi ma Probox ambiri omwe mukuwaona pa msewu wa Paul Kagame anatsika sitima ku Dar es Salaam, n'kulowa pa Songwe, ndipo anagulidwa ndi madola omwe mlimi wa fodya anakhetsera thukuta.

Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya galimoto ndi zipangizo zake inakwera nthawi yomweyo. Makaniko wa ku Biwi masiku ano amagwada pansi pa galimoto yakufa, sipanala ili m'manja, kumasula chitsulo chakale chifukwa chatsopano kasitomala sangachikwanitse. Bungwe la ogwira ntchito la MCTU likamapempha kuti malipiro akwere ndimalimvetsa, pakuti mtengo wa minibasi wafika posauzana. Koma malipiro akakwera dziko lisakugulitsa zambiri kunja, mitengo m'sitolo imangotsatira pambuyo.

Ine ndikuti boma liyambe kudzimana lokha. Ma Land Cruiser a akuluakulu a ku Capital Hill, amene amagona m'mipanda ya ku Area 10 ndi Area 43, amadya madola omwewo amene tikusowa pogula mafuta ndi mankhwala. Nduna iziyendera galimoto imodzi mpaka nthawi yake itatha, ndipo msonkho wa wamalonda wa ku Malangalanga utsike kuti athe kulemba anthu ena ntchito.