ZA UMOYO WATHU: Zipere za M'mutu Ndi Matenda a Banja Lonse

Makolo ambiri akaona kadazi kotuwa ndi koyabwa pamutu pa mwana, amangogula mankhwala opaka nayesa kuti nkhani yatha. Mwezi usanathe, mng'ono wake nayenso ayamba kukanda. Akulu anati nsomba ikaola imodzi zonse zaola, ndipo zipere zikalowa m'nyumba sizikhala pamutu umodzi.

Matendawa sadza ndi ufiti ai. Amayamba ndi tizilombo ta mtundu wa nkhungu timene timakonda kwambiri ana osatha msinkhu. Timayenda pa cipeso, lezala, makina ometera, cipewa, duku ndi mtsamiro. Amphaka ndi agalu othothoka ubweya nawonso amapatsira ana. Ngakhale munthu wamkulu angathe kukhala nato osaonetsa cizindikiro, namapatsira ena.

Tizilomboti timalowa m'kati mwa tsitsi leni-leni mpaka ku mizu, kumene mankhwala opaka safika. Cifukwa cace pafunika mankhwala akumwa ocokera ku cipatala. Odziwika kwambiri ndi griseofulvin, amene anayamba kupatsidwa kwa anthu m'caka ca 1958. Mwana amwe tsiku liri lonse kwa milungu 6 kufikira 8, pamodzi ndi cakudya ca mafuta monga mkaka kapena phala la nsinjiro, pakuti mafuta amathandiza mankhwalawa kulowa m'thupi. Ena ndi terbinafine, amene kawiri-kawiri amamwedwa milungu 4. Mai wapakati asamwe griseofulvin. Musaleke pa njira poona kuti tsitsi layamba kumera, pakuti matendawo adzabwerera.

Tsono popita ku cipatala, tengani ana onse kuti awaone. A pa banja asambe m'mutu kawiri pa mlungu ndi sopo wa madzi wa ketoconazole. Aliyense akhale ndi cipeso cace. Zipeso ziviikidwe m'madzi a Jik, ndipo zofunda zicapidwe ndi madzi otentha ndi kuyanikidwa pa dzuwa. Mwana amene wayamba kumwa mankhwala angathe kupita ku sukulu.

Pamutu pakatupa ndi kutuluka mafinya, musatumbule, musateme mphini, ndipo musapake madzi a m'batire. Fulumirani ku cipatala. Mukacedwa, pamalopo pangathe kutsala cipsera, ndipo mwana wanu angathe kukula ndi dazi losameranso tsitsi moyo wace wonse.