Mwambo wanji wozula malata?

Pali mawu awiri amene afunika kuwazenga mlandu m'dziko muno, ndipo mawuwo ndi akuti "mwambo wathu". Pa Lirangwe, pa Mdeka, pa Lunzu mpaka kuzungulira ku Chileka, mawu amenewa amatuluka pa nthawi yake yodziwika: adzukulu atangotsuka makasu, a kutali akufunsa za minibasi, mayi woferedwa maso adakali otupa. Apa mpamene amadzambatuka bambo wina, kukonza kukhosi, nati: "Achimwene athuwa asiya chigayo, njinga ziwiri ndi nyumba ya malata. Monga mwa mwambo wathu, katunduyu abwerere kwawo." Kwawo kuti, abale inu? Mwini wake tamuika kumene, ndipo kumene wapitako sikufunika chigayo.

Tiyeni tiufunse bwino mwambowo. Kuno kwathu ukwati wa makolo ndi wa chikamwini. Mwamuna ankasiya mudzi wake, nakamanga pa dothi la akuchikazi, nalima munda wa akuchikazi. Akatsikira kuli chete, abale ake ankabwera kudzatenga chiyani? Khasu, nkhwangwa, mkondo, mwina kampando ndi mbuzi ziwiri. Ndipo mwana wa mlongo wake amene ankalowa m'malo mwa atsibweni ake sankangolowa m'nkhokwe ayi. Ankasenza mbumba yonse: odwala, amasiye, milandu, maliro. Wodya chuma ndiye ankadyanso mavuto. Koma a mwambo a lerowa anaudula pakati mwambowo ngati chinangwa, natenga kokoma. Chigayo akuchifuna, mashini osokera akuwafuna, malata akuzula usana dzuwa likuswa mtengo. Mukawafunsa za ana amene akufuna fizi, yankho lili pafupi: "Ana ndi a kuchikazi." Makolo athu sanaone wailesi ya kanema kapena buku la ku banki, nanga anaikapo liti lamulo pa zimenezi? Kuba ndi kuba basi, ngakhale wakubayo atavala nsalu yakuda.

Boma nalonso lisasambe m'manja, pakuti mpeni linawanolera ndi ilo. Lamulo la wilo ndi chuma cha masiye la 1967 linkati mwamuna wa m'madera ngati kwathu kuno akamwalira osalemba wilo, mkazi, ana ndi ena omudalira agawane magawo awiri okha mwa asanu. Magawo atatu otsalawo ankapita kwa olowa chuma a mwa mwambo. Ku Mpoto ndi ku Chigwa cha Shire, kumene amalowola, kunali kugawana pakati ndi pakati. Ndiye tangoganizani m'zaka za m'ma 1990, Edzi ikusesa aphunzitsi, madalaivala ndi makalaliki, maliro tsiku ndi tsiku: munthu wadyera ankabwera lamulo lili kumbali yake, ndipo wopatsidwa atatu sankavutika kutenganso awiri enawo.

Zinthu zinasintha, ngakhale mwa liwiro la nkhono. Malamulo aakulu a dziko a 1994, pa gawo 24, anatchula poyera kuti kulanda amayi katundu, kuphatikizapo wa masiye, ndi mchitidwe woyenera kuthetsedwa. Mu 1998 Nyumba ya Malamulo inati wolanda chuma cha masiye ndi wopalamula, chilango chake K20,000 ndi zaka zisanu ku ndende. Bungwe la WLSA, motsogozedwa ndi a Seodi White, linafufuza nkhanzazi ndi kutulutsa buku lakuti Dispossessing the Widow mu 2002. Potsiriza mu 2011 panabwera lamulo latsopano limene linagwetseratu la 1967 lija. Tsopano munthu akamwalira wopanda wilo, chuma chake ndi cha mkazi kapena mwamuna wake, ana ake onse, a m'banja ndi a kunja komwe, ndi amene ankawasamala. Ziwiya za m'nyumba zimatsala ndi woferedwayo. Achimwene aja a kukonza kukhosi mulibemo dzina lawo.

Mwina muti, "Nanga mayi ake a malemuyo, nkhalamba imene inkadya kuchokera m'thumba mwake? Nanga mwana wa mlongo wake amene ankamulipirira sukulu?" Funso ndi labwino, ndipo lamulo linaliganizira: kholo limene malemu ankalisamala, ndi mwana wamng'ono amene ankamuphunzitsa, amawerengedwa pa odalira ndipo ali ndi gawo lawo. Amene anatsekeredwa kunja ndi madoda a mphamvu zawo, amene chiyambire matenda sanabwere ndi phala lomwe, koma pa tsiku logawa katundu afika ndi lole.

Tsono ngati lamulo lilipo, bwanji malata akuzulidwabe? Apa ndiye nditembenukire kwa inu agogo, inu abambo ndi amayi a imvi, ndipo mundikhululukire poyankhula ngati wopanda mwambo. Mlandu wina ndi wanu. Mwana wanu akangotchula za wilo mumalumpha ngati mwaponda moto: "Ukundilodza? Ukufuna ndife mawa?" Koma ndinu nomwe mumasonkha ndalama ku bungwe la maliro mwezi ndi mwezi, ena munalozeratu pamene mudzagone. Bokosi silikuitanirani imfa, koma pepala ndilo likuitanireni? Ena mumati, "Ndinawauza kale ana, aliyense akudziwa chake." Munawauza pansi pa mtengo wa mango, mboni yake mphepo. Tsiku limenelo aliyense adzakumbukira mawu anu mosiyana, ndipo amene adzakumbukire mokweza kwambiri ndi amene ali ndi ngongole ya katapila.

Komatu wilo si chinthu cha azungu kapena cha a mabwana a ku Nyambadwe okha. Aliyense wa zaka 18 kapena kuposera, mutu uli bwino, angathe kulemba. Chofunika ndi chakuti ikhale yolembedwa, mwini wake asaine pamaso pa mboni ziwiri zili pamodzi, nazonso zisaine iye akuona. Osadziwa kulemba apemphe munthu wokhulupirika awalembere, awawerengere mokweza, iwo adinde chala. Mboni zikhale anthu amene sakulandirapo kanthu, monga abusa, shehe kapena aphunzitsi, kuti mawa wina asati anadzilembera yekha. Tchulani zinthu ndi maina ake: nyumba ya pa msika, ng'ombe, ngolo, buku la ku banki, ndi munthu amene adzayendetse zonsezi. Mukatha musakaiike pansi pa mphasa kuti chiswe chiwerenge. Kasungitseni ku khoti kapena kwa DC, ndipo wina wa m'banja adziwe kumene ili. Amene muli pa ntchito, kumbukiraninso fomu ya penshoni imene munalembapo odzalandira ndalama zanu. Ambiri munalemba muli anyamata, ndipo mpaka lero pali dzina la mlongo wanu, ana asanu amene munabereka pambuyo pake palibe. Koma musaganize kuti wilo ndi chikwapu cholangira mkazi amene munayambana naye. Mukamumana dala iye kapena ana, khoti lili ndi mphamvu yowapatsa gawo.

Ndipo musamayese kuti mikangano imeneyi ndi ya amphawi. Pulezidenti Bingu wa Mutharika, amene lamulo la 2011 linadutsa mu ulamuliro wake, anamwalira mu Epulo 2012, ndipo a m'banja mwake anakokanakokana m'makhoti pa za chuma chake. Iwowo anali ndi maloya. Mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu wa M1 ali ndi yani?

Pali munthu wina amene timamuiwala tikamakamba nkhaniyi: mkamwini wokalamba. Wakhala pamudzi zaka 40, waumba njerwa, wakhoma malata ndi ndalama za thukuta lake. Mkazi akangotsogola, akuchikazi amusudzula mwaulemu wonse, namuperekeza ndi kachikwama kumudzi kumene kulibenso munda wake ngakhale womudziwa. Lamulo la 2011 likuti woferedwa, silikuti mkazi yekha. Pa za dothi pokha tisanamizane: munda wa makolo sungagawidwe mu wilo ngati njinga, pakuti si wa munthu mmodzi. Lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yolembetsa malo otere, ndipo banja lanzeru likhale pansi, nyakwawa ilipo, eni ake adakali moyo. Chifukwa nkhalamba yokhala yokha pa malo okoma, yopanda pepala lililonse, sichedwa kutchedwa mfiti. Ku Neno, kungowoloka Shire pa Zalewa apa, anthu anayi okalamba anaphedwa mu Januwale 2016 powaganizira ufiti. Sindikuti nkhani imeneyo inali ya malo, koma amene amasirira munda wa agogo anaona kuti mawu amenewo amagwira ntchito msanga kuposa samani.

Kwa a boma ndili ndi funso limodzi. Lamulo limene munalemba m'Chingerezi, nkulisunga m'maofesi a mu mzinda wa Blantyre, mayi wa ku Lirangwe alidziwa bwanji? Kuti akafike kwa Administrator General kapena ku Legal Aid Bureau afunika ya minibasi kupita ndi kubwera, mwina kangapo, pamene ndalama zonse zathera pa bokosi ndi ndiwo za pa maliro. Akapita ku polisi, si kawirikawiri kodi amamubweza ndi mawu akuti, "Mayi, izi ndi za m'banja, kakambiraneni"? Munthu akazula malata a sitolo ya mwenye mumati za m'banja? Katemera mumafika naye mpaka pansi pa mtengo, kalembera wa zisankho sasiya mudzi ndi umodzi womwe. Tumizani kalaliki mmodzi ndi mapepala a wilo a m'Chichewa ndi m'Chiyao, akhale pa tebulo tsiku la msika pa Lirangwe, pafupi ndi ogulitsa mbuzi, kamodzi pa mwezi.